Kusamalira munthu wonenepa kwambiri: kunyumba, kuchipatala ndiponso pambuyo pa opaleshoni yochepetsa thupi

Tsamba lino lalembedwera odwala ndi owasamalira a ku Sanyati, Kadoma, Chegutu, Chakari ndi a m'midzi, m'mafamu ndi m'migodi yozungulira maderawa. Likufotokoza mmene mungasamalire munthu wonenepa kwambiri akadwala, zimene anamwino amachita akagonekedwa m'chipatala, ndi zimene muyenera kudziwa ngati iye wachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi. Opaleshoniyi imachitikira kutali, m'zipatala zikuluzikulu, koma wodwala amachirira kunyumba. Choncho amene amayamba kuona kuti zinthu sizili bwino ndi inu amene mukukhala naye, pamodzi ndi namwino wa kukiliniki yapafupi.

Kodi kunenepa kwambiri n'chiyani?

Kunenepa kwambiri ndi matenda okhalitsa amene amabwera mafuta akachuluka m'thupi mpaka kufika poononga thanzi. Achipatala amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa BMI, umene umayerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. Amatenga kutalika m'mamita n'kuchulukitsa ndi nambala yomweyo, kenako amagawa makilogalamu a munthuyo ndi yankho limene apeza. Mwachitsanzo, mayi wotalika mamita 1.6 amene akulemera makilogalamu 90 ali ndi BMI ya 35. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati BMI ya 25 mpaka 29.9 ndi thupi lopitirira muyeso, ndipo ya 30 kupita m'tsogolo ndi kunenepa kwambiri.

Namwino angakuyezeninso mimba ndi tepi, chifukwa mafuta ounjikana pamimba ndiwo oopsa kuposa a m'ntchafu ndi m'matako. Chiopsezo chimakhala chachikulu mimba ikapitirira masentimita 88 kwa amayi ndi 102 kwa abambo.

Vutoli silili m'mayiko olemera okha. WHO inapeza kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa kwambiri. Kuno ku Zimbabwe, kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa mu 2015 anasonyeza kuti amayi 35 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi thupi lopitirira muyeso kapena onenepa kwambiri.

Zimene zimachititsa

Nthawi zambiri zifukwa zake zimakhala zingapo: chibadwa cha ku mtundu, zakudya zamafuta ndi zotsekemera, zakumwa za shuga, mowa, ntchito zokhala pansi tsiku lonse, kusagona mokwanira, ndi thupi limene limatsalira mayi akabereka kangapo. Mankhwala ena amanenepetsanso, monga prednisolone, insulin, ena a matenda a maganizo ndi ena a khunyu. Anthu ena, makamaka amayi, amanenepa akayamba kumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ali m'piritsi la TLD. Ngati mwaona zimenezi, musasiye mankhwala. Kauzeni namwino kuti aziyang'anira sikelo yanu, shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Pakati pathu munthu akanenepa timati akupeza bwino, ndipo akaonda anthu amayamba kunong'ona kuti akudwala. Chifukwa cha mantha amenewa ena amakana kuchepetsa thupi ngakhale dokotala awalangize. Komanso munthu akanenepa kwambiri amasekedwa, mpaka ena amaleka kupita kuchipatala poopa mawu onyoza. Wodwala amene amalemekezedwa ndiye amabwerera kusikelo ndi kutsatira malangizo, choncho kunyumba pewani kumutchula mayina achipongwe kapena kumuwerengera mbamu za nsima pamaso pa anthu.

Mavuto amene kumabweretsa

Kunenepa kwambiri kumawonjezera chiopsezo cha matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, sitiroko, miyala ya m'ndulu, mafuta m'chiwindi, kupweteka kwa mawondo ndi msana, kuvutika kutenga pathupi, mavuto pobereka ndi mitundu ina ya khansa. Palinso vuto limene ambiri salizindikira, lomwe ndi kubanika kutulo. Munthu amaliza mkonono kwambiri, amasiya kupuma kwa kanthawi, kenako amadzidzimuka ngati watsamwa, ndipo masana amangowodzera. Ngati mwaona zimenezi mwa amene mumagona naye chipinda chimodzi, auzeni achipatala, makamaka asanachitidwe opaleshoni ya mtundu uliwonse.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku

*Khungu.* Malo amene khungu limapindana, monga pansi pa mabere, pansi pa mimba, m'khwapa ndi m'mphechepeche, amasunga thukuta. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala malowa amanyeka msanga ndipo mafangasi amaswana. Sambitsani malowa tsiku lililonse ndi madzi ndi sopo wosalimba, tsukuluzani bwino, ndipo umitsani pogunditsa kansalu pang'onopang'ono osati popukuta mwamphamvu. Mungathe kuikapo kansalu kofewa ka thonje kouma, n'kumakasintha kakanyowa. Musathirepo ufa wa chimanga, phulusa kapena mankhwala azitsamba. Pakafiira, pakamanunkha kapena pakang'ambika, kaonetseni kukiliniki. Kwa wodwala shuga, onaninso mapazi ndi pakati pa zala tsiku ndi tsiku, popeza iye sangathe kuwerama kuti adzione yekha.

*Kupuma.* Munthu wamimba yaikulu akagona chagada, mimbayo imapanikiza mapapo. Mutsamiritseni mapilo kapena mabulangete opinda kuti mutu ndi chifuwa zikwere, kapena agone chammbali.

*Kumutembenuza.* Wodwala amene sangathe kudzuka ayenera kutembenuzidwa maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda za pabedi. Yang'anani pamchira wa msana, m'matako, m'zidendene ndi m'chiuno. Pakhungu lakuda, chilonda chimayamba ngati malo akuda kwambiri, olimba kapena otentha kuposa ena. Onetsetsani kuti chubu, foni, chipeso kapena makwinya a nsalu sizinapanikizike pansi pa thupi.

*Kumunyamula.* Mutu umodzi susenza denga: musayese kudzutsa kapena kunyamula nokha munthu wolemera kwambiri. Khalani awiri, atatu kapena anayi, yalani nsalu yolimba pansi pake, ndipo kokani nsaluyo pamodzi mmodzi akuwerengera. Musamukoke m'khwapa kapena m'manja chifukwa phewa lingagweluke. Pindani mawondo anu, msana uli woongoka. Wodwala akagwa pansi, musathamangire kumuutsa. Onani kaye ngati wavulala, kenako mumuthandize kugwada ndi kugwira mpando wolimba.

Mukagonekedwa m'chipatala

Anthu onenepa kwambiri ambiri a kuno sadzachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, koma ambiri adzagonekedwa pa zifukwa zina, monga kubereka kudzera pa opaleshoni, kuchotsa ndulu kapena kuthyoka fupa. Zotsatirazi ndi zimene anamwino amasamala, ndipo muli ndi ufulu wozifunsa mwaulemu.

- Kuyeza sikelo: mlingo wa mankhwala ena, monga ogonetsa ndi oletsa magazi kuundana, umadalira kulemera kwenikweni, osati kongoyerekeza ndi maso.
- Lamba woyezera BP: lamba wamng'ono pamkono waukulu amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Funsani ngati pali wamkulu.
- Jakisoni: wobaya mumnofu amafuna singano yaitali kuti mankhwala asathere m'mafuta.
- Kudzuka msanga: magazi amaundana mosavuta m'miyendo ya munthu wonenepa amene wagona nthawi yaitali. N'chifukwa chake namwino amakuuzani kuti mukhale tsonga ndi kuyenda pang'ono tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ngakhale bala likupweteka. Muli pabedi, muzigwedeza mapazi ndi kupuma mozama kangapo ola lililonse.
- Bala: bala la pansi pa mimba yolendewera limachedwa kupola. Liyenera kukhala louma ndi kuonedwa tsiku lililonse. Potsokomola, ligwirizizeni ndi pilo.

Kuchepetsa thupi popanda opaleshoni

Njira imeneyi ndiyo yoyamba kwa aliyense. Kutaya makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse kumatsitsa kale shuga ndi BP. Chepetsani nsima, imene kuno ambiri amati sadza, ndipo theka la mbale likhale masamba monga nkhwani, bonongwe, chisoso kapena repu, ophika ndi mafuta ochepa. Ufa wa mgaiwa, mapira ndi mawere umakhutitsa nthawi yaitali kuposa ufa woyera. Siyani zakumwa za m'mabotolo za shuga, ndipo chepetsani shuga m'tiyi ndi m'maheu. Mchere usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku. Yendani mwandawala mphindi 150 pamlungu, mwachitsanzo mphindi 30 kwa masiku asanu.

Masiku ano kuli majakisoni ochepetsa thupi monga semaglutide. Ndi okwera mtengo ndipo ayenera kulembedwa ndi dokotala. Mu 2024 WHO inachenjeza kuti kwapezeka achinyengo, choncho musagule kwa anthu ogulitsa pa Facebook kapena WhatsApp. Matiyi otsegula m'mimba amene amagulitsidwa ngati ochepetsa thupi amangochotsa madzi m'thupi ndipo angaononge impso.

Opaleshoni yochepetsa thupi

Kuyambira mu 1991 madokotala akhala akuganizira opaleshoniyi kwa munthu wa BMI ya 40 kupita m'tsogolo, kapena ya 35 ngati alinso ndi matenda monga shuga. Mu 2022 mabungwe a akatswiri a opaleshoniyi anatsitsa malirewa kufika pa 35, ndiponso pa 30 kwa amene shuga wawo akukanika kutsika. Mitundu yofala ndi iwiri:

- *Sleeve gastrectomy:* dokotala amadula ndi kuchotsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu, n'kusiya kachifu kakatali ngati nthochi. Munthu amakhuta msanga ndipo njala imachepa. Chimene chachotsedwa sichingabwezeretsedwe.
- *Gastric bypass:* dokotala amapanga kathumba kakang'ono ngati dzira kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono. Chakudya chimalambalala chifu chotsalacho ndi chiyambi cha matumbo, motero thupi limayamwa zakudya zochepa.

Zonsezi zimachitika kudzera m'timabowo ting'onoting'ono pamimba pogwiritsa ntchito kamera. Ambiri amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a kulemera kwawo m'chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo shuga ndi BP zimatsika kwambiri. Komabe opaleshoniyi imafuna gulu la akatswiri ndi chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo ndi yodula. Siichitika kukiliniki kapena kuchipatala chaching'ono, ndipo ena amakachitira ku South Africa kapena ku India. Musanavomere, werengerani mtengo wa mavitamini ndi kuyezetsa magazi kwa moyo wanu wonse, osati wa opaleshoni wokha. Mudzafunikanso kusiya fodya milungu yosachepera 6 tsikulo lisanafike, ndi kudya chakudya chapadera kwa pafupifupi milungu iwiri kuti chiwindi chichepe.

Musanachoke kumene mwachitidwa opaleshoni

Pemphani kalata yofotokoza mtundu wa opaleshoni, tsiku lake, mankhwala ndi mavitamini amene muzimwa, ndondomeko ya zakudya, ndi nambala ya foni ya dokotala. Mukafika kwanu, kaonetseni kalatayo kukiliniki yanu musanadwale, ndipo muziyenda nayo nthawi zonse. Namwino amene sakudziwa kuti chifu chanu chinadulidwa angaganize kuti kusanza kwanu ndi malungo kapena chakudya choipa. Ayeneranso kudziwa zimenezi asanakulowetseni chubu cha m'mphuno chopita m'mimba. Paulendo wautali wa basi kapena ndege, muziimirira ndi kuyenda pafupipafupi.

Zizindikiro zoopsa: pitani kuchipatala nthawi yomweyo

- Mtima kugunda koposa ka 120 pa mphindi munthu ali chikhalire. Phunzirani kuwerenga kugunda kwa mtima padzanja kwa mphindi yathunthu. Chimenechi chimakhala chizindikiro choyamba chakuti pamene anasoka chifu pakudontha, ndipo chingabwere m'mimba musanayambe kupweteka kwambiri.
- Kutentha thupi kofika madigiri 38, kupweteka kwa m'mimba kowonjezereka, kapena kupweteka kwa phewa lakumanzere.
- Kupuma movutikira, kupweteka pachifuwa, kapena mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka pakatumba.
- Kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda ngati phula.
- Kusanza chilichonse, ngakhale madzi, kwa tsiku lathunthu, mkodzo wochepa ndi wakuda, chizungulire poimirira.
- Bala kutupa, kufiira kapena kutuluka mafinya.
- Kusokonezeka mutu, kuona zinthu ziwiriziwiri, kudzandira kapena dzanzi m'miyendo mwa munthu amene wakhala akusanza kwa masiku ambiri. Izi zimasonyeza kuti vitamini B1 watha m'thupi, ndipo ubongo ungaonongeke mpaka kalekale. Wodwala wotere amafunika kubayidwa vitaminiyu asanaikidwe diripi ya shuga kapena pamodzi nayo.

Musadikire kuti kuche. Kuchokera ku Kadoma kufika ku Harare ndi makilomita pafupifupi 140, ndipo wochokera ku Sanyati ali ndi ulendo wina wautali asanafike n'komwe ku Kadoma. Konzeranitu galimoto ndi ndalama ya ulendo wodwala asanabwere kunyumba. Kupweteka kwa m'mimba kwadzidzidzi kungabwerenso patapita miyezi kapena zaka, makamaka kwa amene anachitidwa gastric bypass, chifukwa matumbo angapotane. Nakonso n'kofunika kuthamangira kuchipatala.

Kadyedwe pambuyo pa opaleshoni

Tsatirani ndondomeko ya dokotala wanu. Kawirikawiri imakhala motere: milungu iwiri yoyamba zamadzimadzi zokha, monga mkaka, yogati wopanda shuga ndi msuzi wosefa, milungu iwiri yotsatira zakudya zopota zosalala, monga phala lamadzi la mkaka, nyemba zosenda ndi kupota, kapena dzira lofewa, kenako zakudya zofewa, ndipo pakatha pafupifupi milungu 6 mpaka 8, chakudya cha masiku onse koma chochepa.

Yambani ndi zomanga thupi pa chakudya chilichonse. Thupi limafuna magalamu osachepera 60 a mapuloteni patsiku, ndipo mungawapeze m'mazira, nsomba, kapenta wosinja, nkhuku, nyemba, soya ndi mkaka. Nsima yolimba, buledi wofewa, mpunga ndi nyama youma zimakakamira m'kachifu, choncho zibwere pomaliza ndi pang'ono. Idyani m'kambale kakang'ono, tafunani mpaka chakudya chisalale, ndipo lekani mukangomva kukhuta. Achibale asakukakamizeni kumaliza mbale.

Imwani madzi okwana lita imodzi ndi theka patsiku, pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo onjezerani kukatentha. Musamwe pamodzi ndi chakudya: siyani mphindi 30 musanadye ndi mphindi 30 mutadya. Pewani zakumwa za gasi. Zotsekemera zimathamangira m'matumbo ndipo pakangotha mphindi 10 mpaka 30 munthu amatuluka thukuta, mtima umathamanga, amachita nseru ndi kutsegula m'mimba. Zikatero gonani pansi mpaka zidutse, ndipo chakudyacho muchipewe. Mowa umalowa m'magazi mofulumira kuposa kale ndipo ena amayamba kuudalira, choncho ndi bwino kuusiya.

Mankhwala ndi mavitamini

Mudzamwa mavitamini moyo wanu wonse: piritsi la mavitamini osiyanasiyana, ayironi, kashiamu, vitamini D ndi vitamini B12, amene nthawi zambiri amabayidwa miyezi itatu iliyonse. Wosiya mavitamini amayamba kuchepa magazi, mafupa amafooka ndipo mitsempha imaonongeka, ngakhale patapita zaka akudzimva bwino. Yezetsani magazi pa miyezi 3, 6 ndi 12, kenako kamodzi pachaka.

- Musamwe ibuprofen, diclofenac kapena asipirini popanda chilolezo cha dokotala, chifukwa zimayambitsa zilonda pamene anasoka. Gwiritsani ntchito paracetamol.
- Mankhwala a shuga ndi a BP amafunika kuchepetsedwa msanga. Kunjenjemera, thukuta ndi kusokonezeka zingasonyeze kuti shuga watsikitsa. Musasinthe mlingo nokha.
- Ngati mumamwa TLD, dziwani kuti ayironi ndi kashiamu zimalepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'thupi. Imwani TLD maola awiri musanamwe mavitaminiwa, kapena patatha maola 6 mutawamwa. Auzeni a kukiliniki ya ma ARV za opaleshoni yanu kuti aziyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi.

Kwa amayi

Thupi likamatsika, mayi amene ankavutika kutenga pathupi angatenge mosayembekezera. Madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18, chifukwa nthawi imeneyi thupi silikhala ndi chakudya chokwanira mwana. Mapiritsi olera sangadalirike pambuyo pa gastric bypass, choncho funsani za lupu kapena kolera koika pamkono. Mukaima, yambani sikelo msanga ndipo onetsani kalata yanu ya opaleshoni.

Maganizo ndi banja

Tsitsi limathothoka pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, koma limameranso. Khungu limatsala lolendewera ndipo limafuna chisamaliro chomwe chafotokozedwa pamwambapa. Anthu adzafunsa chifukwa chimene mwaondera, ndipo zili kwa inu kusankha amene mungamuuze. Ena amakhumudwa chifukwa sangathenso kudya nawo monga kale paukwati kapena pamaliro. Ngati chisoni chikupitirira, kapena mukuganiza zodzivulaza, uzani namwino mwamsanga.

Kumene mungapeze thandizo

Yambirani kukiliniki yapafupi kapena kwa wazaumoyo wa m'mudzi mwanu kuti muyezedwe sikelo, BP ndi shuga. Zipatala za m'dera lino ndi monga Sanyati Baptist Hospital, Kadoma General Hospital ndi Chegutu District Hospital. Odwala ofunika akatswiri amatumizidwa ku Chinhoyi Provincial Hospital, kapena ku Harare ku Parirenyatwa ndi ku Sally Mugabe Central Hospital. Popita, tengani makadi anu onse, kalata ya opaleshoni ndi mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo azitsamba. Ngati Chishona kapena Chingelezi chikukuvutani, pitani ndi wachibale amene angakumasulireni, ndipo pemphani namwino akulembereni malangizo papepala.